Makalata a m'Chikhothi cha Kaunjika

Belo la kaunjika likangotsegulidwa limatulutsa fungo lakelake, la mankhwala ophera tizilombo, la sopo wachilendo, ndi kachinyezi ka zinthu zomwe zayenda ulendo wautali zili zofinyidwa. Kwathu ku Kawale fungo limeneli linkadzaza nyumba yonse Lachiwiri lililonse m'mawa. Amayi ankakokera belo pakhonde, n'kudula mawaya ake ndi pulayala yobwereka, ndipo zovala zinkadzuka pang'onopang'ono ngati mtanda wa mandasi. Ine ndi mlongo wanga wamng'ono, Dalitso, tinali ndi ntchito yopisa m'matumba tisanapite kusukulu. Tinkapezamo matikiti a basi, zopanira tsitsi, nthawi zina switi wosungunuka amene Amayi ankatilanda tisanamulawe.

Chaka chimenecho ndinali ndi zaka khumi ndi ziwiri, ndili Sitandade 7. Inali nyengo yozizira, ija milomo imang'ambika, miyendo n'kutuwa ngakhale udzole bwanji. M'mawa utsi wa mbaula unkagona pamwamba pa malata osafuna kukwera, ndipo madzi a pampopi ankaluma zala. Kwa Amayi imeneyi ndiyo inali nyengo yokolola, chifukwa ankaoda majekete ndi majuzi okhaokha. Abambo anali ku Joni, chaka chachiwiri tsopano. Poyamba ankaimba Lamulungu lomaliza la mwezi pa foni ya amuna awo a Mayi Nachisale, oyandikana nafe, koma kuyambira m'dzinja foniyo inangoti zii. Amayi sankakamba za izi, ndipo ifenso tinaphunzira kusafunsa.

M'belo lina la mwezi wa Juni munatuluka chikhothi chachizimayi chobiriwira, cholemera ngati bulangete lonyowa. Thumba lake linali lobooka, ndipo nditapisa, dzanja langa linapitirira mpaka pansi, pakati pa nsalu ziwiri, pomwe ndinakhudza kamtolo kolimba. Ndinawauza Amayi monong'ona. Aliyense wa kaunjika ankadziwa nkhani ya mayi wina wa ku Biwi amene akuti anapeza madola m'jekete n'kugula minibasi, ngakhale panalibe yemwe anamuonapo mayiyo. Amayi anatilowetsa m'nyumba, n'kutseka chitseko, n'kuyamba kutumbula msoko ndi lezala. Munatuluka mapepala achikasu omangidwa ndi chingwe cha nsapato. Anawatembenuza uku ndi uku, kenako anaseka mpaka misozi atakhala pa thumba la makala. "Minibasi yanga ndi imeneyi," anatero. "Kaike apo, tiziyatsira mbaula."

Chinapulumutsa mapepalawo ndi kachithunzi komwe kanagwa pansi. Panali mwamuna wamtali atavala yunifolomu yausilikali, chipewa atachipendeketsa, atatsamira pa chitseko cha lole yaikulu. Anali wakuda ngati ife. Dalitso, amene ankathera masana a Loweruka akusuzumira pa mng'alu wa nyumba yoonetsera mavidiyo, anakanitsitsa kuti munthuyo sangakhale wa ku Amerika. Asilikali a ku Amerika iye ankawadziwa: anali azungu, ankanyamula mfuti zazikulu, ndipo sankafa. Kuti mkangano uthe, tinanyamula mtolo wonse kupita nawo kwa Abambo a Mbewe, atelala amene ankasokera pakhonde la golosale tsidya la msewu. Iwowa anali atagwirapo ukalaliki m'boma asanapume, ndipo Chingerezi ankachiyankhula ngati a pa wailesi.

Anavala magalasi, n'kupukuta manja pa thalauza, n'kumasula chingwe chija mosamala ngati akusenda dzira. Anati amenewa anali makalata a nthawi ya nkhondo yachiwiri ya dziko lonse, iwowo ali khanda. Ena analemba ndi msilikali wa pachithunziyo, amene dzina lake ife tinkalitchula kuti Wolota. Ena analemba ndi mkazi wake, Rute, dzina lomwe tinkalidziwa kale kutchalitchi. Onse pamodzi anali khumi ndi anayi. Atelala anawasanja motsata masiku, n'kulemba manambala ndi pensulo pakona pa kalata iliyonse. Ndinawapempha kuti atiwerengere. Anandiyang'ana pamwamba pa magalasi. "Wawapeza ndiwe, uwerenga ndiwe," anandiuza. "Pamene pakuvuta uzibwera."

Panali povuta paliponse. Zilembo zake zinali zolumikizana ngati ulusi wosokonekera, ndipo makalata ena anali aang'ono ngati chikhatho, ojambulidwa ngati chithunzi, moti ndinkachita kubwereka magalasi a atelala. Ndikaweruka kusukulu ndinkakhala pansi pambali pa makina awo, ndi dikishonale yopanda chikuto yomwe aphunzitsi anandibwereka, n'kumakopera mawu amodziamodzi kumapeto kwa kope langa la sayansi. Makina ankalira, tizidutswa ta nsalu tinkandigwera pamutu, ine osamva. Kalata yoyamba inanditengera masiku atatu. Tsiku lachinayi Mayi Nachisale ankandiluka tsitsi pakhonde pathu, ndipo anandifunsa kuti ndikung'ung'udza chiyani. Ndinawamasulira m'Chichewa. Zala zawo zinaima pakati pa mzere. M'mawa mwake anabwera ndi anzawo awiri ndi lichero la mtedza woswa.

Pofika kumapeto kwa sabata khonde lathu linali litachepa. Nthawi yake inali folo koloko, dzuwa likadali ndi kakutentha. Amayi a pamzere wathu ankabwera ndi mipando, ena ndi mpunga wosankha, ena ndi ana kumbuyo. Anyamata ankakhala pa mulu wa njerwa. Ngakhale bambo wogulitsa makala ankaimika njinga yake n'kumachita ngati akupopa tayala. Ine ndinkaima chotsamira chitseko, kalata m'manja. Sindinali mwana wodziwika. Kusukulu ndinkakhala mzere wapakati, ndipo netibolo sankandisankha. Koma m'masabata amenewo ndikadutsa kupita kumpopi, anthu akuluakulu ankandiitana ndi dzina. "Tiya, a Wolota afika pati lero?" Ndinkayankha monyada kuti adikire folo koloko.

Wolota sankagwira mfuti kawirikawiri, zomwe zinamukhumudwitsa Dalitso kwa tsiku limodzi lokha. Anali dalaivala. Atawoloka nyanja pa sitima yodzaza anthu akusanza, anapatsidwa lole yonyamula petulo, zipolopolo ndi chakudya cha m'zitini kupita nazo kutsogolo, kumene kunali kumenyana. Malole ankayenda mondondozana osaima, mumdima osayatsa nyali poopa ndege za adani, ndipo madalaivala ankasinthana chiwongolero lole ikuyenda. Chakudya ankatenthetsera pa injini. Matope ankafika m'mawondo, ndipo kunkazizira mpaka madzi a m'botolo kuuma gwa. Pafupifupi kalata iliyonse ankapempha masokosi. Tsiku lina tayala linaphulika pamalo pomwe mabomba ankagwa. Analisintha bwinobwino, koma atafika anapeza kuti sangathe kugwira kapu ya khofi, manja akumuvina okha. Nditawerenga pamenepa bambo wa makala uja anasiya kupopa.

Makalata ena anali ndi timawindo, mawu atadulidwamo ndi lezala. Atelala anafotokoza kuti kunali anthu olembedwa ntchito yowerenga makalata a asilikali ndi kuchotsa chilichonse chomwe chingathandize adani. Amayi a pakhonde anaikonda kwambiri nkhaniyi. Ndikafika pa bowo ndinkakweza pepala kuti aone kuwala kukudutsa, ndipo aliyense ankaikapo zake. Mayi Nachisale ankati nthawi zonse pamenepo panali dzina la chibwenzi. Koma panali kalata ina yomwe palibe anaseka. Wolota analemba kuti asilikali akuda ankagona kwaokha ndi kudyera kwaokha, ngakhale petulo amene ankanyamula ankayendetsa akasinja a onse. Abambo a Mbewe, amene tsikulo anatseka makina n'kubwera, anati iwonso ali mwana anaonapo masitolo amene munthu wakuda ankagulira pawindo.

Komabe amene analanda mitima ya amayi anali Rute. Iyeyu ankagwira ntchito pa fakitale yopanga ndege. Ankavala thalauza, n'kumanga duku kuti tsitsi lisakodwe m'makina, ndipo tsiku lonse ankakhoma misomali m'mapiko a ndege mpaka makutu kumalira pobwerera kunyumba. Shuga, nyama, khofi ndi nsapato zinkagulidwa ndi kabuku ka masitampa, ndipo masitampa akatha, basi, udikire mwezi wina. "Ku Amerika shuga wopimira?" anafunsa Mayi Nachisale, ndipo anandiuza ndiwalozere mawuwo ndi chala ngakhale Chingerezi sankachiwerenga. Rute ankasunga mafuta otsala pophika n'kukapereka kubutchala kuti akapangire mabomba. Kuseri kwa nyumba anatipula kapinga n'kubzala nyemba ndi matimati. Pamenepa amayi onse anagwirizana kuti zimenezo ndiye ife tinayamba kale. Kamwana kawo kakakazi kankatola zitini ndi matayala akale pamodzi ndi ana a sukulu, ndipo kanali katangogula dzino lakutsogolo.

Nkhondo inalowa m'masewera athu onse. Anyamata anataya mfuti zamitengo n'kuyamba kupanga malole a mawaya, aatali, okhala ndi tizitini ta petulo kumbuyo. Ankawayendetsa mondondozana kuchokera kumpopi mpaka kudzala, ndipo Dalitso, monga mwini nkhani, ankatsogolera atavala masokosi a Abambo ofika m'mawondo. Atsikana tinamanga maduku n'kutsegula fakitale pansi pa mtengo wa mango, kumene tinkapanga ndege za makatoni ndi minga. Tinatola zitini Kawale yense mpaka mulu unatalika kuseri kwa bafa lathu, popanda aliyense wodziwa kumene tikapereke. Tinapanganso mabuku a masitampa ndi mapepala a m'kope, ndipo mwana wopanda sitampa sankaloledwa kuluma mbatata yootcha ya mnzake. Tinkagona fumbi lili mpaka m'makutu, titatopa, tikusangalala.

Amayi okha ndiwo sankakhala pansi kumvetsera. Nthawi ya folo koloko ankakhala akusita majekete a mawa chakumapeto kwa khonde, atatifulatira, akuuzira makala a m'simbi. Ndinkaganiza kuti akadali okhumudwa ndi madola aja. Kalata ya khumi ndi chiwiri inanena za mbendera yaing'ono yomwe Rute anapachika pawindo, yokhala ndi nyenyezi yabuluu, kusonyeza kuti nyumbayo ili ndi munthu kunkhondo. Munthuyo akafa, nyenyeziyo ankaisintha kukhala yagolide. Uthenga wake unkabwera pa telegalamu, ndi mnyamata wapanjinga, ndipo akangokhotera mumsewu wawo, amayi onse ankaima kuseri kwa makatani kuona kuti aima pakhomo pa yani. Ndili pakati powerenga ndinamva fungo la nsalu yopsa. Amayi anali ataiwala simbi pa kolala ya jekete. Anaichotsa mwachangu, n'kunena kuti makalawo ndi oipa.

Kalata yomaliza ndinaimasulira ndekha Lachisanu masana, kuseri kwa nyumba, chifukwa tsopano zilembo za Rute ndinali nditazizolowera. Inali yaifupi. Analemba kuti papita masabata asanu ndi awiri osalandira kalikonse. Nyenyezi ya pawindo la nyumba yoyang'anizana nayo inali itasanduka yagolide, ndipo anakhala tsiku lonse ndi mayi wa kumeneko osadziwa chonena. Anamuuza Wolota kuti sakufuna nkhani zambiri, angolemba dzina lake lokha papepala n'kutumiza. Kenako ananena kuti matimati apsa, dzino la mwana layamba kumera, ndipo masokosi ena ali m'njira. Zinathera pomwepo. Ndinatembenuza pepala, ndinasuzumira mu envelopu, ndinakapisanso m'chikhothi chija mpaka m'mikono. Munalibe china.

Folo koloko inakwana anthu atadzaza mpaka kumsewu, chifukwa onse ankadziwa kuti lero ndi lomaliza. Mayi Nachisale anali atavala chitenje chatsopano. Ndinayang'ana nkhope zonsezo, ndipo pakamwa panga panayamba kuyankhula pokha. Ndinati Rute walandira uthenga woti nkhondo yatha. Ndinati a Wolota akwera kale sitima, ndipo iye wasunga masitampa a shuga a mwezi wonse kuti awaphikire keke. Ndinawonjezera kuti mwana wasokeredwa diresi loti akavale kudoko. Mayi Nachisale anaimba nthungululu, ena n'kulandira, ana n'kuyamba kuthamanga mozungulira nyumba akumenya zitini zathu zija. Ine ndinanyamulidwa m'mwamba ndi atsikana akuluakulu awiri. Ndili m'mwambamo ndinaona Abambo a Mbewe akuvula magalasi n'kuwapukuta nthawi yaitali, kenako n'kuwoloka msewu osandiyang'ana.

Loweruka m'mawa ndinapita ndi Amayi kumsika kukawathandiza kuyala. Titamaliza kupachika majekete, anamasula mfundo ya chitenje chawo n'kutulutsa kalata ija. Sindinadziwe nthawi yomwe anaitenga. "Masiku onsewa chala chako chimayenda papepala," anatero motsitsa mawu. "Dzulo sichinayende. Werenga zimene analemba." Ndinafuna kukana, koma nkhope yawo sinali yaukali. Ndinakhala pa belo lopanda kanthu, pakati pa phokoso la ogulitsa ndi fungo la tchipisi, n'kuwerenga mawu amodziamodzi mpaka pa masokosi. Kunabwera kasitomala kudzayesa juzi, Amayi n'kumuthandiza, n'kumusekerera, iye n'kupita. Atatero anandiuza ndibwereze pamene Rute ananena za dzina lokha. Ndinabwereza. Anapinda kalatayo bwinobwino n'kundibwezera. "Ng'amba pepala loyera m'kope lako," anatero. "Pakati, pasakhale zolemba."

Anandiuza zolemba ali chiimire, maso ali kwa anthu odutsa. Analonjera Abambo mwaulemu monga mwa nthawi zonse. Anati kuno kukuzizira, Dalitso wakula moti akuvala masokosi awo, ine ndayamba kuwerenga Chingerezi pagulu, ndipo denga la kuchipinda alikonza okha. Kenako anati, "Ulembe kuti ngati zinthu sizili bwino, sitikufunsa katundu. Tingomva mawu awo basi." Ndinafunsa ngati ndilembenso kuti akwiya. Anati ayi, ndilembe zomwe anena. Masana omwewo tinayenda wapansi mpaka kumene kunkaima mabasi a ku Joni, ndipo Amayi anapereka kalatayo kwa bambo wina wa kwathu ku Ntcheu amene ankadziwa kumene anyamata a kumudzi ankakhala.

Lolemba ndinapita kwa atelala ndikukoka miyendo. Sanandidzudzule. Anandifunsa funso limodzi: makalata a Rute anatumizidwa kunkhondo, nanga anabwerera bwanji kudzakhala mtolo umodzi ndi a mwamuna wake? Ndinalumpha ndi chimwemwe, ndinati ndiye kuti anabwera nawo yekha. Iwo anati mwina. Anati mwinanso anabwera m'bokosi la katundu wa munthu amene sanabwerere. Chomwe ankadziwa monga telala n'chakuti chikhothi chija sichinali cha nthawi ya nkhondo, chifukwa nsalu yake ndi kasokedwe kake zinali za zaka zambiri pambuyo pake. Mwini wake anayenda nawo makalatawo mpaka ukalamba. Ndinafunsa ngati ndikawauze anthu zoona. Anati zimenezo ndikafunse mtima wanga. Mtima wanga unachita mantha, ndipo sindinawauze. Mayi Nachisale mpaka lero amakamba za keke ya Rute ngati analawako.

Abambo anaimba foni kutayamba kutentha, mitengo ya jakaranda itachita maluwa. Ntchito inali itawathera kalekale, ankagona m'chipinda chimodzi ndi anthu asanu, ndipo ankachita manyazi kuimba ali manja lende. Amayi anayankhula nawo atalowa kuseri kwa nyumba ya Mayi Nachisale, ndipo pobwera anangotiuza kuti atipatsa moni. Anabwerera kunyumba chaka chotsatira ndi chikwama chimodzi, ataonda, ndipo panapita nthawi kuti m'nyumba mwathu mumvekenso kuseka kwa anthu awiri akuluakulu. Za Wolota sindinadziwe, ndipo sindidzadziwa.

Ndili mwana ndinkaganiza kuti ndinanama pofuna kusangalatsa anthu, ndipo kuti Amayi anandigwira chifukwa sankafuna mwana wabodza. Ndinkaganizanso kuti pa anthu onse a pakhonde paja, iwo okha ndiwo nkhondo ya ku Amerika sinawakhudze. Tsopano ndapitirira msinkhu umene iwo anali nawo nthawi imeneyo, ndipo ndikuona kuti ndinanama chifukwa sindinkatha kupirira nkhani yopanda mathero, pamene iwo anali atakhala m'nkhani yotero kuyambira m'dzinja. Za sitima ndi keke analibe nazo ntchito. Ankafuna kumva zimene mkazi mnzawo ananena pa sabata yachisanu ndi chiwiri, asakudziwa kalikonse, ndipo atazimva anandituma pepala.